Kupezeka ndi chamba si kugulitsa chamba: boma libweretse umboni

Lamulo loletsa mankhwala ozunguza bongo kuno ku Moçambique ndi Lei n.º 3/97, ya pa 13 Malichi 1997. Ambiri a ife sitinaliwerengepo, koma ntchito zake timaziona. Timaziona galimoto ikaimitsidwa pa msewu wochokera ku Ulongué kubwera kuno ku Kalomwe, apolisi n'kuyamba kusecha matumba a mbatatesi ndi a chimanga. Timazimva m'mudzi, mnyamata wina akatengedwa, m'mawa anthu n'kumanong'onezana kuti amupeza ndi suruma, chamba chija. Nkhani ikafika pamenepo ambiri timatseka pakamwa. Timati wagwidwa nacho m'manja, palibenso choti anene.

Chilipo choti anene, abale anga. Chinalembedwa m'buku limene lili pamwamba pa malamulo onse a dziko lino, buku la Constituição.

Tiyambe ndi lamulo la 1997 lomwelo. Ndime 33 ndiyo imanena za tráfico, kutanthauza malonda a mankhwalawa. Munthu ukamva mawu akuti malonda, umaganiza za wina amene walandira ndalama n'kupereka katundu. Koma ndimeyi ndi yotakata kuposa pamenepo. Ikutchula kupanga, kukonza, kutsatsa, kugawa, kugula, kupatsa mnzako, kulandira, kunyamula, kulowetsa m'dziko, kutulutsa kunja, ngakhale kungosunga popanda chilolezo. Chilango chake ndi zaka 16 mpaka 20 m'ndende. Kuti mumvetse kulemera kwa zaka zimenezi, dziwani kuti Código Penal, buku la milandu ndi zilango, limapereka zaka zomwezo kwa munthu amene wapha mnzake mwadala, mlandu umene amautcha homicídio voluntário simples. Mwana amene bambo ake amangidwa iye ali kumsana, adzawaona akutuluka iye atayamba kale kumeta ndevu.

Lamulo lomweli lili ndi ndime zina zopepukirapo. Ina ndi ya wogulitsa pang'ono. Ina ndi ya munthu amene amagulitsako kuti apeze choti asute yekha. Ndime 55 ndi ya wosuta chabe, ndipo chilango chake n'chaching'ono kwambiri pochiyerekeza ndi cha ndime 33. Choncho munthu yemweyo, ndi kathumba komweko, akhoza kugwera ndime yopepuka kapena kugwera ndime ya zaka 16. Zonse zimadalira yankho la funso limodzi: kodi chamba chimenechi chinali choti asute yekha, kapena choti agulitse? Ndiye pamabwera funso lachiwiri, limene ine ndikuliona kuti ndi lalikulu kuposa loyambalo. Ndani ayenera kubweretsa umboni wa yankholo? Boma, kapena womangidwayo?

Wina asandimve ngati ndikuikira kumbuyo ogulitsa. Lamulo loletsa malondawa likufunika. Tonse tikudziwa mabanja amene mwana wawo anasiya sukulu, anayamba kuba nkhuku za amayi ake, mutu n'kusokonekera. Dziko lathu lakhalanso njira ya mankhwala oopsa kuposa chamba. Mu 2018 katswiri wofufuza za Moçambique, Joseph Hanlon, analemba kuti matani 40 kapena kuposerapo a heroína amadutsa m'dziko lino chaka chilichonse, kulowera ku nyanja cha kumpoto n'kutsika pa msewu kupita ku South Africa. Mu Epulo 2020 apolisi anagwira ku Maputo munthu wa ku Brasil, Gilberto Aparecido dos Santos, wodziwika ndi dzina lakuti Fuminho, amene dziko la kwawo linkamusaka kwa zaka zambiri, ndipo anamubweza kwawo. Malonda amenewa alipo ndithu ndipo ndi aakulu. Koma kukula kwa vuto sikupatsa boma ufulu wodumpha malamulo ake omwe.

Constituição imene tikuyendera pano inavomerezedwa mu 2004 ndipo inakonzedwanso mu 2018. M'Chichewa timati malamulo aakulu a dziko. Onani zaka: lamulo la mankhwala ndi la 1997, Constituição ndi ya 2004. Lamulo lakale limapitiriza kugwira ntchito pokhapokha pamene silikutsutsana ndi Constituição. Pamene zatsutsana, lamulo laling'ono ndi limene limagonja. Zili ngati chigamulo cha nyakwawa chikasemphana ndi cha mfumu yaikulu. Achipwitikizi ali ndi liwu lake la lamulo lotere: amati ndi inconstitucional.

Ndime 59 ya Constituição imati munthu woimbidwa mlandu amaonedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litapereka chigamulo chomaliza. Liwu lakuti chomaliza likutanthauza kanthu. Khoti la ku Ulongué likagamula, munthuyo n'kuchita recurso, imene anzathu a ku Malawi amati apilo, chigamulocho sichinakhale chomaliza. Kuchokera m'ndime imeneyi mumatuluka mfundo imene oweruza amaitchula m'Chilatini kuti in dubio pro reo: pakatsala chikayiko chenicheni, chikayikocho chimakomera woimbidwa mlandu. Ntchito yochotsa chikayiko ndi ya woimira boma pa milandu, Procurador. Womangidwa alibe udindo wotsimikizira khoti kuti ndi woyera.

Mfundo imeneyi inayesedwa kwenikweni pa mlandu wa chamba, kwa anansi athu a ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukagwira ntchito. Nkhani yake ndiikhalitsa pang'ono chifukwa imaphunzitsa zambiri.

Dziko la South Africa lili ndi lamulo la 1992 lotchedwa Drugs and Drug Trafficking Act. M'lamulomo munali ndime yonena kuti munthu akapezeka ndi chamba choposa magalamu 115, khoti liziganiza kuti ndi wogulitsa, kufikira iye mwini atatsimikiza kuti sagulitsa. Magalamu 115 ndi ochepa. Tengani kota ya kilo ya shuga, muigawe pawiri: gawo limodzilo ndi magalamu 125, laposa kale. Ndiye wapolisi ankangofunika kunena kuti ndamupeza nacho, sikelo n'kuonetsa magalamu 120, basi, katundu yense wa umboni wagwera pamutu pa womangidwa. Nanga munthu ungatsimikize bwanji chinthu chimene sunachite? Ungaitane ndani kuti adzachitire umboni wakuti sunagulitsepo kwa aliyense?

Amuna awiri, Bhulwana ndi Gwadiso, anapezeka olakwa pa mlandu wogulitsa chifukwa cha ndime imeneyi. Woyambayo anali ndi magalamu 850, wachiwiriyo magalamu pafupifupi 445. Milandu yawo itakwera ku khoti lalikulu kuti iunikidwenso, oweruza anatumiza funso la ndimeyo ku Constitutional Court, khoti loona za malamulo aakulu, ku Johannesburg. Pa 29 Novembala 1995 khotilo linagamula, ndipo amene analemba chigamulo ndi mayi woweruza Kate O'Regan. Maganizo ake anali osavuta kuwatsata. Ndime imeneyi ikhoza kuchititsa kuti munthu amangidwe ngati wogulitsa pamene woweruza mumtima mwake akukayikabe. Zimenezo zikuphwanya ufulu wa kuonedwa wosalakwa. Khotilo linaonanso kuti nambala ya 115 ilibe maziko olimba, popeza munthu wosuta tsiku ndi tsiku akhoza kusunga chamba chochuluka chotero osagulitsako n'kamodzi komwe. Ndimeyo inafafanizidwa.

Khotilo silinanene kuti kugulitsa chamba n'kololedwa. Silinanenenso kuti kuchuluka kwa chamba kulibe tanthauzo. Munthu wopezeka ndi matumba khumi, woweruza ali ndi ufulu woganiza ngati munthu wanzeru kuti amenewa si osuta yekha. Chimene chinakanidwa ndi kukakamiza woweruza kuti agamule motero ngakhale pamene umboni wina ukumupatsa chikayiko. Ndipo pali mfundo ina imene ndikufuna muisunge. Khotilo linati chigamulo chake chithandize anthu amene apilo yawo kapena kuunikidwanso kwa mlandu wawo kunali kusanathe, ndi amene nthawi yawo yochitira apilo inali isanadutse. Amene anangovomereza chigamulo n'kukhala chete mpaka nthawi kutha, chitseko chimenechi chinawapeza ali kunja.

Zitatero, ndime zina za lamulo lomwelo zinagwa motsatizana. Mu 1997, pa mlandu wa Ntsele, inagwa ndime yonena kuti woyang'anira munda umene mwapezeka mitengo ya chamba aziganiziridwa kuti ndi wogulitsa. Mu 1998, pa mlandu wa Mello, inagwa ndime yonena kuti mankhwala akapezeka pafupi ndi iwe, ndiye kuti ndi ako. Ganizirani za ife amene timakwera chapa titapanikizana, katundu wa anthu khumi ndi asanu ali pansi pa mipando ndi pamiyendo. Thumba limene lili pafupi ndi phazi lako ndi lako?

Anthu a ku South Africa sanayambe okha. Mu 1986 khoti lalikulu la ku Canada linagamula chimodzimodzi pa mlandu wa David Oakes, amene anapezeka ndi timabotolo 8 ta mafuta a chamba. Lamulo la kumeneko linkati wopezeka ndi mankhwala atsimikize yekha kuti sanali oti agulitse. Khoti linakana. Chigamulo cha Oakes chimawerengedwa ndi oweruza a m'mayiko ambiri mpaka lero.

Ku Brasil, kumene amalankhula Chipwitikizi ngati ife, nambala inagwiritsidwa ntchito mwa njira ina. Mlandu unayamba ndi mkaidi wina wa ku São Paulo amene anamupeza ndi magalamu 3 a chamba m'chipinda cha ndende. Amene anautengera pamwamba ndi Defensoria Pública, maloya a boma oimira anthu osauka. Khoti lalikulu la Supremo Tribunal Federal linayamba kuumva mu 2015 ndipo linamaliza mu Juni 2024. Linati munthu wopezeka ndi magalamu osaposa 40, kapena mitengo yaikazi isanu ndi umodzi, aziganiziridwa kuti ndi wosuta, pokhapokha boma litaonetsa zizindikiro za malonda monga sikelo kapena kabuku ka mayina a ogula. Mwaona kusiyana kwake? Nambala ya ku South Africa inkasenzetsa womangidwa katundu wa umboni. Nambala ya ku Brasil ikusiya katunduyo pamutu pa boma, pamene ayenera kukhala.

Tibwerere kwathu. Ndime 33 ya lamulo lathu yaika kusunga ndi kunyamula pamzere umodzi ndi kugulitsa. Pamenepa ndi pamene ine ndikuona ngozi. Ngati woweruza sasamala, kupezeka nacho kokha kumasanduka mlandu wa zaka 16, ndipo womangidwa ndiye amatsala akuvutika kufotokoza kuti chinali chake chosuta, kapena kuti sankadziwa n'komwe zimene zinali m'thumbamo. Tiyerekeze bambo wa kabaza pano pa malire. Munthu wamupatsa thumba losoka kukamwa, wamuuza kuti ndi nyemba, akalitule kwakutikwakuti, amulipira. Panjira apolisi atsegula, apeza chamba pakati. Mwini thumba wasowa. Bambo uja ananyamula, inde. Koma mlandu wotere umafuna kuti munthu akhale akudziwa chimene wanyamula ndiponso akufuna kuchinyamula. Kudziwa kumeneko ndi Procurador amene ayenera kukuonetsa: mwina malipiro anali aakulu modabwitsa, mwina bamboyo anasiya msewu n'kudzera njira zozemba, mwina pali mauthenga pa foni. Zikasowa zonsezi, chatsala ndi chikayiko, ndipo Constituição yanena kale kumene chikayiko chimagwera.

Palinso nkhani ya m'mene umboni wapezekera. Ndime 68 imateteza nyumba ya munthu. Kulowamo mwini wake asakufuna kumafunika chilolezo cha woweruza, kupatula pa zochitika zimene lamulo latchula, ndipo usiku chitetezocho chimakhwima kwambiri. Ndime 65 imati umboni wopezeka mwa kuzunza munthu, kumuopseza, kumuvulaza, kapena kulowerera mosayenera m'nyumba mwake, m'makalata ake ndi m'mafoni ake, ndi wopanda ntchito. Munthu akavomera mlandu chifukwa cha ndodo, kuvomera kumeneko sikuyenera kuwerengedwa. Ena amati zimenezi n'zongoteteza zigawenga. Ine ndimati zimateteza nyumba yanu ndi msana wanu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wapolisi amene waloledwa kuthyola chitseko cha wogulitsa chamba popanda chikalata, mawa adzathyola cha munthu amene anangonamiziridwa ndi mnansi wake chifukwa cha mkangano wa malire a munda.

Musaganize kuti aliyense wotsutsa lamulo amapambana. Gareth Prince, wa chipembedzo cha Rastafari ku South Africa, anaphunzira za malamulo koma anakanizidwa njira yokhalira loya chifukwa anali atapezekapo wolakwa pa mlandu wosunga chamba. Iye anati chamba ndi gawo la mapemphero ake. Mu 2002 anagonja, oweruza asanu kumukana, anayi kumuvomera. Anabweranso ndi mfundo ina, ya ufulu wa munthu pa moyo wake wamseri, ndipo pa 18 Seputembala 2018 khoti lomwelo linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kusuta, kusunga ndi kulima chamba chake pamalo ake amseri. Koma kugulitsa kunatsalabe mlandu. Makhoti ambiri pa dziko lapansi sanavomerepo kuti munthu ali ndi ufulu wogulitsa mankhwala oletsedwa. Amene apambana ndi amene anafunsa za umboni, za kayendetsedwe ka mlandu, ndi za kukula kwa chilango.

Apa ndichenjeze achinyamata amene amabwera kuchokera ku Joni kapena kutsidya ku Dedza ndi nkhani yakuti chamba anachivomereza. Chigamulo cha 2018 ndi cha South Africa, chimathera pa malire a South Africa. Ku Malawi nyumba ya malamulo inavomereza mu 2020 lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala a chipatala ndi cha mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta ndi kugulitsa m'misika kudakali mlandu komweko. Ndipo chiphaso cha ku Lilongwe chilibe mphamvu mukangodutsa pa geti la Kalomwe. Kuno Lei n.º 3/97 ikugwirabe ntchito yonse.

Ku Malawi komweko kunachitika nkhani imene ikukhudza kukula kwa chilango. Mu 2022 khoti la majisitireti ku Blantyre linagamula mnyamata wina zaka 8 chifukwa cha chamba. Anthu anakwiya, anayenda m'misewu, chifukwa m'nyengo yomweyo mkulu wa kampani ina yaikulu, amene anapezeka ndi chamba kunyumba kwake, anangolipitsidwa chindapusa. Khoti lalikulu litaunikanso mlanduwo linatsitsa zakazo kufika pa 3. Milandu iwiriyo sinali yofanana m'zonse, koma anthu anaona chimene anaona: wosauka kundende, wolemera kunyumba. Ndime 35 ya Constituição yathu imati nzika zonse n'zofanana pamaso pa lamulo. Chilango choyambira pa zaka 16 chimafuna kuti tizifunsa kawirikawiri kuti amene akuchilandira ndi ndani. Ndi eni matani 40 aja, kapena ndi onyamula matumba?

Tsono munthu wa kuno angatsutse bwanji lamulo? Constituição imalamula makhoti onse kuti asagwiritse ntchito lamulo limene likutsutsana nayo. Onse, kuyambira Tribunal Judicial ya boma la Angónia ku Ulongué, ya chigawo ku Tete, Tribunal Superior de Recurso ku Beira, mpaka Tribunal Supremo ku Maputo. Woimira womangidwa akhoza kuuza woweruza kuti ndime yakutiyakuti, kapena m'mene akuimasulira, ikuphwanya ndime 59 kapena 65. Akhoza kunena pa mlandu woyamba, akhoza kunenanso pa recurso. Woweruza akavomera n'kukana kugwiritsa ntchito ndimeyo, nkhaniyo imayenera kutumizidwa ku Conselho Constitucional ku Maputo, bwalo la oweruza asanu ndi awiri, kuti likapereke mawu omaliza. Ambiri bwalo limeneli timangolimva pa nthawi ya zotsatira za masankho, ndipo aliyense ali ndi maganizo ake pa zimenezo. Koma ntchito yake ina ndi imeneyi, yoyeza malamulo.

Pali mpata umene sunatsekedwe bwino. Woweruza akakana mfundo yanu n'kugwiritsa ntchito lamulolo, mukhoza kukwera ndi recurso ku makhoti apamwamba, koma inu panokha mulibe njira yopitira ku Conselho Constitucional. Amene angapemphe bwalolo mwachindunji kuti liyeze lamulo ndi Pulezidenti wa dziko, mtsogoleri wa Assembleia da República, gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu, Primeiro-Ministro, Procurador-Geral, Provedor de Justiça, kapena nzika 2000 zitasaina pamodzi. Mkaidi amene ali m'ndende ku Tete anthu 2000 awapeza kuti? Kuona kwanga, apa Constituição yathu ikufunika kuwonjezeredwa, kuti munthu amene wagonja m'makhoti onse pa nkhani ya ufulu wake athe kugogoda yekha pa chitseko cha bwalolo. Ku Portugal njira yofanana ndi imeneyi ilipo: khoti likagwiritsa ntchito lamulo limene iwe unalitsutsa pa mlandu wako, ukhoza kukwera ku Tribunal Constitucional.

Komabe njira ya anthu 2000 ija si yongolembedwa papepala. Inagwirapo ntchito, ndipo phindu lake likufikira ngakhale wogwidwa ndi chamba lero. Bungwe la Liga dos Direitos Humanos, motsogozedwa ndi mayi Maria Alice Mabota, linasonkhanitsa masaini n'kupempha kuti ziyezedwe ndime zina za buku lakale la kayendetsedwe ka milandu, la m'chaka cha 1929, nthawi ya atsamunda. Pa 17 Seputembala 2013, m'chigamulo chotchedwa Acórdão n.º 04/CC/2013, Conselho Constitucional inati munthu amene sanagwidwe ali mkati mochita mlandu, wolamula kuti atsekeredwe poyembekezera mlandu ndi woweruza yekha. Mphamvu imeneyi inachotsedwa m'manja mwa apolisi, akuluakulu a boma ndi a Procurador. Bwalolo linakananso ndime imene inkaletseratu kumasula munthu poyembekezera mlandu chifukwa chakuti mlandu wake uli m'gulu la milandu ikuluikulu. Woweruza ayenera kuona munthuyo ndi nkhani yake. Buku la 1929 lija linalowedwa m'malo ndi latsopano, Lei n.º 25/2019. Masaini 2000 anagwiranso ntchito mu 2019, pamene bwalolo linagamula kuti ngongole ya EMATUM inali yosatsata malamulo. Mutu umodzi susenza denga.

Tsidya linalo kuli chitsanzo cha munthu wamba. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo apulasitiki, anamangidwa mu 2015 ku Blantyre akupita ku msika m'mbandakucha, pa lamulo lachitsamunda la anthu oyendayenda opanda chochita. Sanavomere kulipira kachindapusa n'kuiwala. Anatsutsa lamulo lenilenilo, ndipo mu Januwale 2017 khoti lalikulu la Malawi linafafaniza ndimeyo. Mlandu wake sunali wa chamba, koma njira yake ndi yomweyi.

Zonsezi zimayamba pa tsiku loyamba, ku esquadra. Ndime 64 imati womangidwa auzidwe nthawi yomweyo chifukwa chimene wamangidwira, m'njira yoti amve. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu limati aonekere kwa woweruza pasanathe maola 48. Woweruza akalamula kuti akhalebe m'chitokosi, wachibale kapena munthu amene iye amamukhulupirira adziwitsidwe. Akasungidwa mosatsata lamulo, ndime 66 ikupereka njira yotchedwa habeas corpus, pempho lakuti khoti limutulutse, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Ndime 62 imati ali ndi ufulu wa womuimira, ndipo wopanda ndalama boma limuthandize. Ntchito imeneyi ndi ya IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica. Achibale musadikire tsiku la mlandu. Pitani mukafunse a IPAJ sabata yoyamba yomweyo, mutatenga dzina lonse la womangidwayo, tsiku limene anamangidwa ndi malo amene akusungidwa.

Chilankhulo cha m'khoti ndi Chipwitikizi. Ambiri a ife timachimva cha pamsika, koma cha m'khoti ndi china. Womangidwa amene sachimva bwino ali ndi ufulu wa womasulira, ndipo palibe manyazi kunena kuti ndikufuna kulankhula m'Chichewa. Manyazi a mphindi imodzi amenewo akhoza kugula zaka zambiri. Taonani mawu awiri awa: consumo ndi tráfico. Loyamba ndi kusuta, lachiwiri ndi malonda. Munthu amene wafunsidwa mwaliwiro n'kungoti sim, sim, pofuna kuti zithe msanga, akhoza kuvomera lachiwiri akuganiza kuti wavomera loyamba. Pepala la mawu anu, musanasaine kapena kudinda chala, liwerengeni nokha pang'onopang'ono. Ngati simungathe, pemphani kuti akuwerengereni ndi kukumasulirani womuimira wanu ali pomwepo. Chimene chalembedwa pa pepala limenelo chidzatsagana ndi mlanduwo mpaka ku Beira ndi ku Maputo, kumene oweruza sadzaona nkhope yanu koma mapepala okha.

N'chifukwa chake mfundo za Constituição ziyenera kunenedwa msanga ndi kulembedwa. Ngati apolisi analowa m'nyumba usiku popanda chikalata, muuzeni woimira wanu, iye anene m'khoti, zilowe m'kaundula wa mlandu. Ngati munamenyedwa, nenani kwa woweruza woyamba amene mwaonana naye, zipsera zisanapole. Chigamulo chikaperekedwa, nthawi yochitira recurso ndi ya masiku owerengeka. Funsani tsiku lomwelo kuti ndi masiku angati ndipo akuyamba kuwerengedwa liti. Kumbukirani anthu aja a ku South Africa amene chigamulo cha 1995 chinawapitirira chifukwa nthawi yawo inali itatha.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: tikatsata zonsezi, ogulitsa enieni azipulumuka. Ena adzapulumukadi, apolisi akagwira ntchito mwaulesi. Koma wogulitsa wamkulu ali kale ndi maloya ake, ndipo ndime zimenezi amazidziwa bwino kuposa ife. Amene sazidziwa ndi wa kabaza, mayi wosungitsidwa katundu ndi mlamu wake, mnyamata wa zaka 19 wopezeka ndi kampukutu m'thumba. Boma likakakamizidwa kubweretsa umboni weniweni wa malonda, apolisi ndi a SERNIC amakakamizikanso kufufuza: ndalama zapita kwa yani, foni inaimbidwa kuchokera kuti, galimoto ndi ya ndani. Kufufuza kotero ndi kumene kumafikitsa kwa mwini katundu. Kumanga wonyamula n'kutseka fayilo kumasiya mwini katundu akufunafuna wonyamula wina mawa lake.

Akuluakulu a Gabinete Central de Prevenção e Combate à Droga, ofesi imene inakhazikitsidwa ndi lamulo lomweli la 1997, akhala akunena kuti lamuloli likufunika kukonzedwanso. Aphungu akamakonza lamulo lotere, mawu amene amamveka kwambiri ndi akuti zilango zikwere. Ine pempho langa kwa aphungu a chigawo cha Tete ndi lakuti alembemo momveka bwino zinthu zimene zimasiyanitsa wosuta, wonyamula ndi mwini malonda, alembemonso poyera kuti kutsimikiza malonda ndi ntchito ya boma. Akadzabwera ku Ulongué kapena ku Dómuè kudzachititsa msonkhano, muwafunse ngati anaiwerengapo ndime 33, ndiponso ngati akuona kuti wonyamula thumba limodzi ndi wakupha munthu ayenera kuyambira pa zaka zofanana.